Utsi wa injini tiziuwerenga kaye tisanathamangire ovaholo

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko za utsi, inde utsi uja wotuluka ku ekizozi, chifukwa ndatopa kuona anthu akuphwasulitsa ma injini abwinobwino pa chifukwa choti wina wangosuzumira kumbuyo kwa galimoto masekondi 5 n'kupukusa mutu n'kuti "apa maling'i atha bwana, ikufunika ovaholo." Maling'i ndi timphete tachitsulo tozungulira pisitoni mu silinda, ovaholo ndi kuphwasula injini yonse n'kusintha zimene zatha. Akuluakulu anati utsi sufuka popanda moto, zoona, koma sanati moto wonse ndi umodzi. Injini ili ndi zinthu zitatu zikuluzikulu zimene ingatulutse ngati utsi, oilo, madzi, ndi mafuta amene sanapse bwino. Ntchito yonse ili poti mwa zitatuzi ndi chiti ndipo chalowera khomo liti, ndiye chimene chimandipweteka n'choti makomo ambiri ndi ang'onoang'ono, otseka ndi sipanala imodzi madzulo amodzi, koma munthu amauzidwa za khomo lalikulu lokhalokha.

Ndiyambe ndi manyazi anga omwe. Ndili ndi kamakina kotchetchera kapinga, kaja kokankha, kamene ena amakatchula kuti mowa ngakhale sikanaledzeretsepo munthu. Tsiku lina mpeni wake unakola waya, ine n'kukagoneka chammbali kuti ndimasule, ndipo zinanditengera mphindi ngati 20 poti wayayo anali atakulungana zolimba pa shafiti. Nditakadzutsa ndinakoka chingwe, kachitatu kanalira, koma utsi umene unatuluka pamenepo abale inu, bwalo lonse linangoti mbuu, woyera wosakanikira kabuluu, ana n'kuthawa akutsokomola. Ndinazimitsa mtima uli m'mwamba. Munthu amene ndinamuonetsa sanagwire n'komwe makinawo, anangonditi ndilize, ataona utsi anati pisitoni ndi maling'i zapita, tigule zina. Chinandipulumutsa si nzeru ayi, ndinalibe ndalama tsiku limenelo basi. Nditabwerera kunyumba ndinakhala pansi n'kumadzifunsa kuti makina amene dzulo lomwe amalira bwinobwino opanda utsi olo pang'ono, maling'i ake angathe bwanji m'mphindi 20 ali chigonere, osalira n'komwe? Ndinatsegula kachivindikiro ka fyuluta ya mpweya, siponji ija yonse chonyowa, oilo akuchita kudontha mukaifinya.

Zinachitika n'zoti ndinagoneka makinawo mbali ya kabuleta ili pansi. Tima injini iti oilo amangokhala pansi m'sampu, ndiye mukapendeketsa molakwika oiloyo amatsata kapaipi kopumira, kotulutsa mpweya wa m'sampu, n'kukathera ku fyuluta ndi ku kabuleta, wina amadutsa m'mbali mwa pisitoni kulowa mu silinda, wina mpaka mu ekizozi. Mukaliza, zonsezo ziyenera kupsa, ndiye utsi wake ndi umenewo. Ndinachapa siponji ndi sopo, kuumitsa, kupukuta pulagi, kuyeza oilo n'kuwonjezera amene anatayika, kenako ndinakasiya kakulira panja. Mphindi 10 utsi unayamba kuchepa, pofika 15 unatheratu. Makina omwewo ndikutchetcherabe mpaka lero, maling'i ake omwe aja amene ankati atha. Kuyambira tsiku limenelo ndikafuna kuona kunsi ndimayamba ndazula waya wa pulagi, chifukwa mpeni uja mukauzunguza ndi dzanja injini itha kulira zala zili pompo, kenako ndimapendeketsa fyuluta ili m'mwamba, kapena kutsindika chogwirira pansi kuti kutsogolo kudzuke.

Apa pali mfundo imene ambiri saiganizira. Makina otchetcha ambiri okankhawa alibe rediyeta, amazizira ndi mphepo, mulibe madzi m'kati olo dontho. Choncho munthu akakuuzani kuti utsi woyera pa makina oterewa ndi madzi akulowa mu injini, mufunseni kuti madziwo achokera kuti. Pafupifupi nthawi zonse utsi woyera kapena wabuluu pa tima injini iti ndi oilo. Ndipo chifukwa chachiwiri pambuyo pa kupendeketsa ndi chikondi chathu chomwe, kuthira oilo wambiri. Sampu yake imangolowa pafupifupi theka la lita, ena kupitirira pang'ono, koma munthu amagula botolo la lita n'kuona ngati kusiya wina m'botolo ndi kumana makina, ndiye amakhuthula yense. Oilo akachuluka amamenyedwa ndi zitsulo zozungulira m'katimo n'kuchita thovu, n'kukankhidwira ku kapaipi kopumira komwe kuja. Mankhwala ake ndi kuchotsako basi mpaka afike pa mzere wa dipisitiki, makina ali pamalo athyathyathya. Kutchetcha pamalo otsetsereka kwambiri, kupitirira madigiri 15, nakonso kumabweretsa zomwezo, oilo amakhuthukira mbali imodzi. Olo siponji ija, imafunika kupakidwa oilo pang'ono n'kufinya kuti izigwira fumbi, koma ena amachita kuimiza, ndiye injini imayamwa.

Koma pali china chobisalira chimene ndikufuna anthu achidziwe. Mwayeza oilo, mwapeza wakwera kupitirira mzere, chonsecho simunathiremo kanthu. Oilo sabereka. Nunkhizani dipisitikiyo, mukamva fungo la petulo ndipo oiloyo ali wamadzimadzi pa chala, ndiye kuti kasingano ka mu kabuleta kamene kamatseka petulo sikakutseka, petulo akumayenderera usiku wonse kudutsa mu silinda n'kukasakanikira ndi oilo m'sampu. Makina otere amafuka, ndipo awa ndiye musawalize n'komwe, chifukwa oilo wosungunuka ndi petulo satetezanso zitsulo, mukakakamira ndiye kuti ovaholo ija mwaiitana nokha. Konzani kabuleta, tayani oilo yenseyo, thirani watsopano. Ngati zonsezi zili bwino, oilo ali pa mzere, fyuluta ndi youma, simunapendeketse, koma utsi sukutha ndipo ukuchuluka makina akalowa mu udzu wautali, apo tsopano tiyambe kukayikira hedi gasiketi, ija yotseka mpata pakati pa mutu wa injini ndi silinda, chifukwa pa ma injini aja okhala ndi mavavu kumutu gasiketi imakonda kuphulika pakati pa silinda ndi kanjira kopita ku sampu, mphamvu ya moto n'kumalowa kwa oilo n'kumamukankhira kunja. Imeneyonso ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kusintha pisitoni. Maling'i abwere pomaliza, pa makina amene agwira ntchito zaka, makamaka aja amene mwini wake ankawayendetsa opanda fyuluta fumbi n'kumapala silinda ngati sandipepa.

Utsi wakuda pa makina otchetcha sindichedwapo, ndi petulo wochuluka mpweya wochepa. Onani choki ngati yatseguka injini itatentha, onani fyuluta ngati sinatsekeke ndi fumbi ndi zinyenyeswa za udzu, mukaichotsa kamphindi utsi n'kutha ndiye mwapeza kale wolakwa. Koma tima injini tija timene petulo wake timasakaniza ndi oilo, ta makina odulira udzu a pamapewa ndi macheka a mitengo, timeneto kufuka pang'ono ndi chibadwa chake poti timawotcha oilo dala. Tambiri ta masiku ano timafuna muyezo wa 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oilo pa lita imodzi ya petulo, kapena 100 pa malita 5, pomwe takale tina timafuna 25:1. Vuto ndi loti anthu amayeza ndi maso, "kathireni kenanso kuti kasagwire," mapeto ake utsi tolotolo, pulagi kuda, ekizozi kutsekeka ndi mwaye. Werengani zimene analemba opanga, muyeze ndi kabotolo ka manambala.

Tsopano galimoto. Choyamba penipeni, utsiwo ukuchokera kuti? Zikuoneka ngati funso lachibwana koma anthu amasokoneza. Utsi wotuluka pansi pa boneti nthawi zambiri ndi oilo amene akudontha kuchokera pa gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba pa injini n'kumagwera pa zitsulo zotentha za ekizozi, m'kati mwa injini muli bwinobwino. Wathu uno ndi wotuluka ku paipi ya kumbuyo. Ndipo wa kumbuyowonso si wonse ndi utsi. M'mawa kukazizira galimoto iliyonse imatulutsa kanthunzi koyera kopyapyala kamene kamangoti pang'ono n'kuzimirira, mwinanso timadontho ta madzi kugwa pa paipi, anthu n'kuyamba kudandaula kuti gasiketi yapsa. Ayi. Petulo akamapsa amabereka madzi, lita imodzi ya petulo imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso, kungoti injini ikatentha amatuluka osaoneka. Ekizozi ikakhala yozizira ndi pamene amaoneka, chimodzimodzi mpweya wa m'kamwa mwanu m'mawa wa chisanu. Nthunzi imeneyi ilibe fungo lachilendo ndipo mukayenda mphindi zingapo yatha.

Woopsa ndi woyera wokhuthala umene sukutha olo injini itatentha, umalendewera m'mwamba osabalalika msanga, ndipo ngati mumathira kulanti umakhala ndi kafungo kotsekemera. Amenewo ndi madzi a mu rediyeta akulowa mu silinda, mwina gasiketi ya hedi yapsa, mwina hedi yapindika kapena yang'aluka, ndipo kawirikawiri mukafunsa bwino mupeza kuti galimotoyo inawirapo masiku apitawo mwini wake n'kupitiriza ulendo. Koma olo apa, utsi wokha si umboni wokwanira, mboni imodzi simanga munthu. Funsani, madzi akuchepa tsiku ndi tsiku popanda pamene pakudontha? Injini ili yozizira, ndikubwereza, yozizira, chifukwa chivindikiro cha rediyeta yotentha chasupula anthu nkhope, tsegulani n'kuliza, muone ngati mukutuluka thovu losalekeza. Gwirani paipi yaikulu ya rediyeta patangopita kamphindi chilizireni, ikalimba gwa madzi asanatenthe n'komwe ndiye kuti mphamvu ya mu silinda ikulowa m'madzi. Onani dipisitiki ngati oilo wasanduka wotuwa ngati wathiridwa mkaka. Koma chenjerani ndi kuona zoyera pansi pa chivindikiro chothirira oilo pokha, chifukwa galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi, yosatentha mokwanira, imapanganso zimenezo ndi chinyezi chabe. Amakaniko okonzeka ali ndi kachipangizo kokhala ndi madzi abuluu kamene amaika pakamwa pa rediyeta, mpweya wa ekizozi ukakhalamo madziwo amasanduka achikasu, ndipo kuyeza kumeneku sikutenga nthawi. Zikatsimikizika imikani galimoto. Madzi safinyika ngati mpweya, akadzaza mu silinda usiku inu n'kuliza m'mawa, chitsulo chogwira pisitoni chimapindika, ndiye vuto la gasiketi lasanduka la injini yonse. Ndingowonjezapo kuti buleki fuludi naye, akamadontha kuchokera pa masitala silinda kulowa mu busita, injini imamuyamwa n'kutulutsa utsi woyera, ndiye ngati madzi sakuchepa koma fuludi akuchepa popanda podontha, yang'anani kumeneko musanakhudze hedi.

Wabuluu, kapena wotuwa wonunkha oilo wopserera, ndi umene anthu amaberedwa nawo kwambiri, ndiye ndichedwepo. Inde ndi oilo akupsa, palibe wotsutsa. Koma funso ndi loti ukutuluka nthawi yanji, ndipo yankho la funso limeneli ndi limene limasiyanitsa ntchito ya tsiku limodzi ndi yotsitsa injini. Ukamatuluka mwa kaphulu mukangoliza m'mawa galimoto itagona usiku, kenako n'kutha, kapena mutaima nthawi yaitali injini ikulira n'kunyamuka, kawirikawiri ndi timasilu ta mavavu, timalabala tating'ono timene timauma ndi ukalamba, oilo n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kulowa mu silinda. Njira ina yodziwira, pezani mtsetse wautali, tsikani galimoto ili m'giya phazi mutachotsa pa moto, mukafika pansi pondani, mnzanu amene akukutsatani pambuyo akaona chiutsi chabuluu nthawi yomweyo kenako n'kuyera, ndi masilu amenewo, chifukwa potsika paja injini imayamwa mwamphamvu ndipo imakoka oilo kudzera m'mavavu. Pa ma injini ambiri masilu amenewa amasinthika hedi ili pompo osachotsa. Maling'i akatha khalidwe lake ndi lina, utsi umakula mukamaponda moto, pa chitunda, galimoto italemedwa, mphamvu imachepa, ndipo mukatsegula pothirira oilo injini ikulira mumatuluka mpweya wamphamvu wofuka ngati pa chumuni.

Ndiye pali kavavu kena kamene sikatchulidwa n'komwe, ka PCV, kakang'ono kokwana m'manja, ntchito yake ndi kutenga mpweya wa mu sampu kuubweza mu injini kuti ukapse. Mlamu wanga galimoto yake inayamba kudya oilo ndi kufuka buluu, anamuuza za ovaholo, anayamba kale kufunsa za ngongole. Ine poti ndinapsa kale ndi makina otchetcha aja ndinati mlamu dikirani kaye, tinazula kapaipi kochokera pa kavavuko, m'kati monse muli oilo noninoni, kavavuko tikakagwedeza kali zii pomwe kamtundu umenewo kabwino kamalira ngati muli kamwala. Tinasintha, patapita masiku angapo oilo wotsalira m'mapaipi atapsa utsi unaleka. Sindikunena kuti nthawi zonse zimatha chonchi ayi, ma injini ena ndi othadi ndipo ovaholo ndi yoyenera, koma kodi n'chifukwa chiyani tiyambire kokwera mtengo pamene kotchipa sitinakuone? Galimoto yokhala ndi tebo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, ilinso ndi khomo lina, masilu a tebo akatha oilo amalowa mbali ya mpweya kapena ya ekizozi, mukamasula paipi yochokera ku tebo mumapeza oilo wochita kuyenderera, osati kachinyezi chabe. Ndipo osaiwala chija cha makina otchetcha, galimoto nayo ikathiridwa oilo wopitirira muyezo imafuka, ndiye ngati utsi wayamba tsiku lomwe mwachokera ku sevisi, sololani dipisitiki musanachite china chilichonse.

Ndipatuke pang'ono kwa ogula galimoto zogwiritsidwa kale ntchito. Mukapita kukaona galimoto n'kupeza boneti ndi yofunda, mwini wake akuti ndimangoitenthetsa kuti musavutike, bwererani mawa m'mamawa muilize nokha ili yozizira. Ena amathiramo oilo wokhuthala kwambiri kapena mankhwala aja a m'mabotolo oti oletsa utsi, amabisa kwa kanthawi koma sabwezeretsa chitsulo chimene chadyeka. Komanso galimoto za masiku ano zili ndi katalitiki mu ekizozi imene imawotcha utsi wina usanatuluke, ndiye injini itha kumadya oilo kumbuyo kukuoneka koyera, mpaka katalitikiyo nayo itatsekeka. Dipisitiki ndi imene sinama, yezani, lembani makilomita, yezaninso pakapita makilomita 1,000.

Wakuda pa galimoto ya petulo nkhani yake ndi yomwe ija, mafuta achuluka kuposa mpweya. Kuti petulo apse bwinobwino pamafunika mpweya wolemera pafupifupi ka 14.7 kuposa petuloyo, muyezo umenewu ukapendekera ku mafuta otsalawo amatuluka ngati mwaye, galimoto imamwa ngati ili ndi ludzu la chaka, kumbuyo kumanunkha petulo wosapsa mpaka maso kuwawa. Pa zakale za kabuleta ndi choki, kasingano kaja, kapena fyuluta. Pa za mainjekita ndi injekita yodontha, kapena sensa imene ikunamiza kompyuta, ya mpweya wolowa, ya okosijeni ku ekizozi, kapena ija yoyeza kutentha kwa madzi, imeneyi ikafa kompyuta imaganiza kuti injini ikadali yozizira ndiye imangothira mafuta ambiri tsiku lonse ngati choki yoiwalika. Ubwino wake galimoto zimenezi zimadzinenera zokha, ku America kuyambira 1996 galimoto zonse zatsopano zinalamulidwa kukhala ndi pobayira kompyuta pa OBD-II, ku Ulaya za petulo zinatsatira mu 2001, ndiye mukabaya kamakina kowerengera n'kuona P0172 ikukuuzani kuti mafuta achuluka, P0301 kuti silinda yoyamba ikuphonya. Koma nambalayo ikungoloza dera, sikuti ikutchula chitsulo choti mugule, ambiri asintha masensa atatu vuto lili pa fyuluta yotsekeka. Utsi wakuda sufuna ovaholo, koma mukaulekerera petulo wochulukayo amatsuka oilo m'makoma a silinda, pamenepo ndiye maling'i amathadi.

Za dizilo zili ndi malamulo akeake pang'ono. Kautsi kakuda mukaponda mwadzidzidzi pa dizilo yakale si kachilendo, koma kukhala ngati mukuwotcha matayala ndiye pali vuto, fyuluta ya mpweya, mainjekita osapopera bwino, vavu ya EGR, ija yobweza utsi wina wa ku ekizozi mu injini, yomatirira ndi mwaye, kapena paipi ya tebo yong'ambika imene ikutaya mpweya, imeneyi mumaimva ikuchita kulira mluzu mukaponda. Woyera pa dizilo ndiye umasokoneza anthu, chifukwa si nthawi zonse ndi madzi, kawirikawiri ndi dizilo amene sanapse n'komwe, fungo lake ndi la dizilo weniweni ndipo limaluma m'maso. Ukamatuluka m'mawa injini ikuvuta kulira n'kumanjenjemera, kenako n'kutha ikatentha, yambani ndi mahita pulagi, aja otenthetsa mu silinda poliza. Ukapitirira ganizirani taimingi ya pampu, injekita, kapena kompuresheni yochepa, kutanthauza kuti silinda sikufinya mpweya mokwanira. Mphuno ndi imene isiyanitse apa, kutsekemera ndi madzi, kuluma ndi dizilo. Chimodzi choopsa chimene woyendetsa dizilo ya tebo aliyense ayenera kudziwa, oilo akamalowa wambiri mbali ya mpweya injini itha kuyamba kumuwotcha ngati mafuta n'kumakwera yokha, muzimitse kiyi osazima, utsi thoo. Zikatero pa galimoto ya magiya apamanja ikani giya yapamwamba, pondani buleki zolimba n'kusiya kilatchi kuti izime, apo ayi itsekeni mpweya ndi chinthu cholimba, osati dzanja, kapena ingotalikirani.

Nanga munthu atsimikiza bwanji asanatsegule injini? Pa injini ya petulo mapulagi ndi amene amaona zonse za m'kati, masulani muwandandalike motsatira masilinda ake. Ya mtundu wa dothi louma ili bwino. Yakuda youma ya mwaye wonyenyeka pa chala, mafuta achuluka. Yakuda yonyowa yonanda, oilo. Imodzi yokha yoyera mbee ngati yatsopano pamene zinzake zili ndi litsiro, imeneyo musaiyamikire, yatsukidwa ndi nthunzi, madzi akulowa mu silinda imeneyo. Mapulagi onse akafanana vuto ndi la injini yonse monga sensa kapena fyuluta, ikakhala imodzi vuto lili pa silinda imodzi. Kenako kuyeza kompuresheni ndi geji, silinda iliyonse payokha, manambala ake asasiyane kwambiri, kupitirira 10 peresenti kapena apo ndiye pali nkhani. Imene yatsika thiranimo kasupuni kakang'ono ka oilo pabowo la pulagi muyezenso, nambala ikakwera kwambiri ndiye maling'i, poti oiloyo watseka mpata kwa kanthawi, ikakhala pomwepo ndiye mavavu kapena gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsikira limodzi, gasiketi yaphulika pakati pawo. Pa makina otchetcha geji imeneyi itha kukunamizani, chifukwa ambiri ali ndi kachitsulo kotsegula vavu pang'ono pokoka chingwe kuti dzanja lisavutike, ndiye nambala imaoneka yotsika injini ili bwino. Kumeneko bola njira yopopera mpweya mu silinda pisitoni ili pamwamba mavavu atatseka, n'kumvetsera kumene ukuthawira, ku kabuleta, ku ekizozi, kapena pothirira oilo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zonsezi sizitha olo theka la tsiku.

Amakaniko musandimve molakwa, ndikudziwa alipo ambiri amene amachita zonsezi mwakachetechete, ndipo ena eni galimotofe ndi amene timakulakwitsani, timabwera tikungoti "ikufuka" basi, mukatifunsa kuti liti, mtundu wanji, sitikudziwa poti utsi uli kumbuyo ife tili kutsogolo. Ndiye eni akefe tizibwera ndi nkhani yathunthu, wayamba liti, chinachitika n'chiyani usanayambe, umatuluka m'mawa kapena pa chitunda, chikuchepa n'chiyani pakati pa oilo ndi madzi, olo kujambula pa foni mnzanu akuponda moto. Koma inunso mukanena kuti maling'i atha, tionetseni manambala a geji, silinda ndi silinda, tisanavomere kuti injini itsike.

Ndipo poyesa zonsezi, kaya ndi galimoto kaya ndi makina otchetcha, lizirani panja. Nthawi ija ndinkadikira kuti oilo apse ndinayamba ndalizira m'kachipinda kosungiramo zida poopa kufukiza anansi, mphindi zochepa chabe mutu unayamba kugunda, miyendo kulemera, ndinatuluka chodzandira. Si utsi wabuluu uja unandichita zimenezo, ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe mtundu ulibe fungo, ndipo ka injini kakang'ono kopanda katalitiki kamautulutsa wambiri zedi ngakhale pamene ku ekizozi kukuoneka koyera. Kutsegula zenera limodzi sikokwanira, tulutsani makinawo pabwalo.

Ine wowerenga wanu wa nthawi zonse.